Maso Osasiyanitsa Chofiira ndi Chobiriwira

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, achinyamata anzanga, landirani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi aleluya ya anthu ogona ndi njala. Aleluya! Eya, tsopano.

Ndikufuna kuchitira umboni. Kwa amene simundidziwa, ndine Tomasi, mwana wa mayi Rozaliya a ku Malowera, awo akubisa nkhope kuseri kwa mzati. Munandipempherera pompano pamene ndinkapita ku Tete kukaphunzira kujambula mapa. Ena munafunsa kuti, "Mapanso amaphunziridwa? Dziko si ili tikulipondali?" Amaphunziridwa abale, ndipo ine pang'onong'ono akanandibweza kuno chimanjamanja.

Chaka choyamba zinayenda bwino, chifukwa tinkangoyeza mitunda ndi kujambula ndi inki yakuda. Chaka chachiwiri anati aliyense apange mapa a kwawo osonyeza nkhani imodzi yokha, ndipo wolephera asapitirire. Ine ndinasankha madzi. Maferiya onse, nthawi ya tchuthi ija, ndinazungulira midzi ya kwathu panjinga ya amalume, kufunsa amayi kuti amatunga kuti: pamjigo, pachitsime, kaya kumtsinje. Njinga ija matayala anatha, amalume mpaka lero amandiyang'ana ndi diso limodzi. Lamulo la kupaka linali losavuta. Midzi ya madzi pafupi, mtundu wobiriwira. Midzi yovutika, wofiira. Ndinagula malapisi, mapensulo a mitundu, pamsika, ndinapaka sabata yathunthu mosamala.

Tsiku loonetsa ndinapachika mapa anga pakhoma, chifuwa patsogolo. Anzanga onse kuseka! Aphunzitsi athu, mayi amene sindinawaonepo mano, anayandikira nati, "Tomasi, apa walemba kuti amayi amayenda mtunda wautali kukatunga. Nanga wapakiranji wobiriwira?" Ine ndinati, "Apulofesola, umenewu ndi wofiira." Kuseka kunawirikiza.

Anandiitanira ku ofesi, nandionetsa kapepala kodzaza timadontho. "Ukuona nambala yanji?" Ndinati palibe nambala. Anaitana mtsikana wina amene ankadutsa, iye anangoyang'ana kamodzi nkuiwerenga. Pamenepo anandiuza kuti, "Maso ako sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Unabadwa choncho, ndipo mankhwala ake palibe. Mapa otere akafika ku boma, mjigo akaukumba kumene kuli kale madzi, ovutika nkutsala. Ndakupatsa milungu itatu. Zikakanika, uyambe kuganiza za maphunziro ena."

Abale, ndinalira. Ndinalira ngati kamwana, ine wandevune. Ndinasala kudya masiku atatu, ndinati Ambuye, munatsegula maso a akhungu, anga ndi otsegula kale, ingokonzani pang'ono. Mmawa uliwonse ndinkatenga malapisi awiri aja kuwayang'ana. Chimodzimodzi. Mawa lake, chimodzimodzi. Ndinamukwiyira Mulungu, sindibisa, pano ndi pa guwa.

Ndinabwerera kumudzi kukawauza amayi kuti shikola, sukulu yanga ija, yatha. Nditawafotokozera anati, "Ndiye matimati osapsa aja unkathyola kudimba, sunali mwano?" Anthuni, mkwapulo umene ndinadya chifukwa cha matimati! Amayi analira, nane ndinalira, kenako tinayamba kuseka. Koma mukuwadziwa amayi anga, sasunga munthu wongokhala. Mawa lake anandisenzetsa thumba la chimanga, ulendo wa kuchigayo.

Mumvetsere bwino apa. Kuchigayo matumba anali pamzere, onse oyera, onse ofanana. Eni ake anali pamthunzi kucheza, palibe woyang'anira thumba. Ndinafunsa mayi wina kuti lawo alidziwa bwanji. Anandiseka. "Mwana wa shikola iwe, suona? Langa ndi la mitanda. La mizere ilo ndi la apongozi anga, la madontho ndi la mayi busa." Aliyense analemba lake ndi khala. Khala lakuda lokha, abale, ndipo ine wosaona mitundune ndinkasiyanitsa onse ndili patali.

Ufa ndinakautula ndikuthamanga. Nditafika ku Tete ndinajambulanso mapa onse ndi inki yakuda: midzi ya mijigo madontho, ya zitsime mizere, yovutika mitanda yothithikana kuti izioneka yakuda bii. Apulofesola anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Iyi ndi njira yakale, akatswiri ankatero makina a mitundu asanabwere. Wakuphunzitsa ndani?" Ndinati amayi akuchigayo. Sanaseke, anangoti, "Tikaona kwa oyesa."

Tsiku la mayeso kunabwera oyesa atatu, ndipo aliyense anapatsidwa fotokopya ya mapa athu, ija yakuda ndi yoyera, monga zimakhalira m'maofesi ambiri. Aleluya! Pa fotokopya, chofiira ndi chobiriwira zinatuluka zotuwa chimodzimodzi. Oyesa ankatembenuza mapepala a anzanga, kufunsa kuti kodi apa ndi pabwino kapena povuta. Sindinawaseke anzanga aja, chifukwa ululu wake ndimaudziwa. Atafika pa anga, bambo wina wa imvi anaika chala pa mitanda ija nati, "Apa ndiye pofunika mjigo." Sanandifunse ine, mapa anayankha okha. Ndinakhoza, abale! Ndinakhoza, ndipo mwezi wamawa ndikukayamba chaka chomaliza.

Wina afunsa kuti, nanga maso anachira? Sanachire. Ndinapempha maso atsopano, Mulungu anandikaniza, ndipo lero ndikumuthokoza ndi maso omwewa. Zikomo Ambuye pondikaniza chimene ndinapempha nkundipatsa chimene ndinasowa. Zikomo abusa, zikomo mpingo chifukwa cha mapemphero anu. Amayi, dzutsani nkhope, mlandu wa matimati uja unatha.

Tsopano kondwerani nane. Amayi a kwaya, andiuza pakhomo kuti mwasoketsa yunifomu yatsopano ndipo aliyense akuyamikira mtundu wake. Ine sindikudziwa ngati ndi yofiira kapena yobiriwira, ndipo sindidzadziwa mpaka kumwamba. Koma makutu anga alibe vuto. Imirirani, yambitsani nyimbo, tivinire Yehova! Amen.