Nambala Imene Tinaiwala Kufufuta

Olemekezeka Wapampando wa bodi ya kampani ino, Mkulu woyendetsa kampani, atsogoleri a nthambi zonse, alembi ndi akonzi a masamba athu a pa intaneti, akatswiri a makompyuta, ndi inu mayi amene mwakhala kutsogolo kuno pafupi ndi zenera, ndikupereka ulemu kwa nonsenu.

Ndathokoza pondikumbukira ine wopuma pantchito, amene maso anga anayamba kale kukangana ndi zilembo zing'onozing'ono. Webusaiti yatsopanoyi ndaiona. Ndi yokongola, imatseguka msanga, ndipo pansi pa tsamba lililonse pali dzina la wolisamalira ndi tsiku loti adzaliunikenso. Ndamva kuti ena mwa inu mukuti mzere umenewu ukuipitsa tsamba. Musawerame, sindikutchulani. Ndiloleni ndingokuuzani kumene unachokera.

Pamene ndinali mkonzi wamkulu muno, tinali ndi masamba oposa zikwi zitatu, ndipo ndinkawanyadira ngati ndinawabereka ndine. Pa tsamba lina, lonena za makina athu opopa madzi, tinalemba kuti makina akavuta, imbani nambala iyi. Inali nambala ya foni ya m'manja ya mmisiri wathu wamkulu, bambo amene sankadziwa kukana munthu. Bambo aja anamwalira. Kumaliro tinapita, nkhata tinaika, ndipo uthenga wachipepeso ndinalemba ndine ndemwe n'kuuika patsamba loyamba. Koma tsamba la makina lija palibe amene analikhudza. Ife tinkati ndi la amisiri, amisiri ankati ndi la azamalonda, azamalonda sankadziwa n'komwe kuti liliko.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, akazi a malemu mmisiri uja anafika mu ofesi yanga atanyamula foni ija ndi kope la ana asukulu. M'kopemo anali atalemba aliyense amene anaimba, kumene amakhala ndi vuto la makina ake, mayina oposa zana. Anati foniyo analephera kuizimitsa poopa kuti anthu angasowe madzi. Kenako anandiyang'ana m'maso nati, "Bambo, sindinabwere kudzakangana. Koma ndatopa kuuza anthu osawadziwa, tsiku ndi tsiku, kuti amuna anga anatisiya."

Kufufuta nambalayo kunanditengera mphindi ziwiri zokha. Manyazi ake ndidakali nawo mpaka lero, ndipo sindifuna kuti andichoke.

Choncho inu alembi ndi akonzi, lembani bwino, sankhani zithunzi zogwira mtima, koma dziwani kuti tsamba limene mwaliiwala inu silisiya kulankhula. Limayankhulabe m'dzina la kampani, ndipo pali munthu kwinakwake amene akulikhulupirira. Dzina lanu likakhala pansi pa tsamba, mulilondole ngati ndinu amene mudzayankhe foniyo.

Mayi ndikunenawa ndi awa akhala pafupi ndi zenerawa. Pulogalamu ikuti batani lotsegulira ndidine ine, koma Wapampando mundikhululukire, dzanja langa siloyenera. Mayi, munatigwirira ntchito miyezi isanu ndi itatu muli pa chisoni, ife osadziwa, osathokoza. Chonde bwerani kuno, mudine ndinu.

Olemekezeka nonse, ndi dzanja la mayiwa, webusaiti yatsopano ya kampani ino yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri, makamaka inu, mayi.