Tsiku Lomwe Ankhoswe Anavalira Majekete Nkhani ya pa Foni

Zaka zija za makuponi, pamene thumba la feteleza linkayenda ndi kapepala ndipo wosauka ankagona akulota chimanga chofika kudenga, ine Jelemiya Mwale ndinali ndi dzina kuno ku Kapelula. Inu mukusankha fodyanu, manja asaime, mundibwereke makutu okha. Fodya mwayala pamphasayu ndi ndiwo chabe, ana inu. Wanga uja, mvula ikatipeza kumunda, tsamba limodzi tinkausamo ine, agogo anu a Naphiri ndi mbuzi ziwiri, ndipo malo a mlendo ankatsala. Ukuseka, Yamikani? Unali usanabadwe, ndiye umboni ulibe.

Masiku amenewo pakhomo panga panali mkamwini, Gelesomu, mwamuna wa mwana wanga Esinati, bambo a mdzukulu wanga Chikondi. Nyumba yake anamanga kuseri kwa chigafa changa, munda ndinamudulira ndine, ndipo ulemu wake unali woti tikakumana panjira iye ankalowa m'tchire chipewa chili m'manja, mpaka tsiku lina anagwera m'chitsime cha kudimba pondipatsa njira. Akamwini a lero amakupatsa moni ndi chibwano, zingwe zili m'makutu.

Chaka china fodya atatikomera ku okushoni, Gelesomu anauza alimi anzathu kuti ndalama zisathere ku mawailesi ndi njinga, tigule masheya. Masheya, ana inu, ndiko kugula kachidutswa ka kampani ya ku Blantyre yomwe sunaionepo, ndipo ikanenepa nawenso umanenepa uli gone kwanu. Ine ndinagula ambiri, moti mpaka lero khoma lonse la kum'mawa la kampani ija ndi langa, pamodzi ndi zenera lake.

Kenaka anatsegula gulu pa foni loti tizikambirana za masheyawo. Munali alimi, aphunzitsi, anyamata a ku Joni, ndi mayi wina wa ku Blantyre, a Nachisale, amene ankaudziwa msikawo ngati dimba lake. Mayiyu ndiye anali mzati wa gululo, chifukwa m'mawa uliwonse ankatiuza zomwe zakwera ndi zomwe zatsika, osalipiritsa. Gelesomu anali adimini, ndiye kuti mwini chitseko, wolowetsa ndi wotulutsa anthu, ndipo lamulo anaika limodzi lokha: pano ndi masheya basi.

Netiweki nthawi imeneyo inkapezeka pamwamba pa chulu chokha, chija chili kumapeto kwa munda wanga. Masana dzuwa likamaphika nthaka ndinkakwera pamenepo n'kukhala, ndipo dziko lonse linkaoneka ngati likuyandama. Zigafa zili gonegone ngati ng'ombe zokhuta, phiri la Kasungu likusungunuka mu nkhungu ya utsi, kamvuluvulu akunyamula masamba n'kupita nawo kumwamba osabwerako. Foni ikalira ndinkaiika kukhutu, maso ndatsinzina, n'kumaona masheya anga ngati thole loyera likudya msipu pakati pa nyumba zosanja, michira ya magalimoto ikulipatsa njira. Nthawi zina ndinkadzidzimuka mbalame itatera pa bondo langa, ikumvetsera nawo mitengo.

Zolembalemba ine ndinazisiyira anthu opanda mawu. Ndinkangodina n'kuyankhula, foni n'kujambula, ndipo mawu anga ankauluka pamwamba pa minda mpaka ku Joni.

Ndiye inafika nyengo yogawa makuponi, ndipo chaka chimenecho anachedwa. Pa gulu paja panali mkulu wina wa ku Kaluluma, a Nyirenda, amene sindinali nditawaonapo nkhope. Tsiku lina anajambula mawu akuti makuponi achedwa chifukwa olamulira akugona, ndipo chipani chawo ndicho chinkadziwa kugawa. Ine pachulu paja magazi anawira. Ndinawayankha, ndipo yankho langa linali lalitali moti foni inatentha, a Naphiri n'kukazingirapo mtedza.

Mawa lake a Nyirenda anabweza: "Yayi adada Mwale, utesi uwo, bodza lenileni! Inu feteleza mwamudziwa liti? Si inu munkathira phulusa?"

"Phulusa ine? Bambo Nyirenda, ine feteleza amandidziwa dzina. Ndikalowa m'depoti matumba amaimirira okha!"

Zinayenda choncho, m'mawa iwo, masana ine, ndipo ena analowerera, uyu mbali iyi, uyo mbali inayo, mpaka mitengo ya masheya inamira pansi ngati khasu losiyidwa m'thengo. A Nachisale anajambula mawu awo ofatsa aja: "Agogo Mwale, ndi ulemu wonse, ine ndimatsegula foni kuti tione msika, koma ndikupeza msonkhano wa chipani."

Ine ndinawayankha bwinobwino, ndipo mpaka lero ndikuti ndinkanena zoona. Ndinati, "Mayi, kuponi ikachedwa feteleza achedwa, chimanga chichepa, munthu sagula shuga kapena mayunitsi, ndipo kampani yanuyo iwonda. Ndale ndi masheya zimadyera mbale imodzi."

"Zimenezo n'zoona, agogo," anatero mayi uja, "ndipo mukanayankhula choncho ndikanaombera m'manja. Koma mawu anu a dzulo sanatchule kampani. Anatchula mphuno ya a Nyirenda."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, a ku Joni, aphunzitsi, ndipo pomaliza a Nachisale anauza Gelesomu poyera kuti achotse akuluakulu awiriwa, apo ayi iwo achoka. Apa ndiye panagona nkhani, ana inu. Mayi uja akanachoka, gulu lomwe mnyamatayu analimanga ndi thukuta lake likanafa, ndipo alimi omwe anawakopa kugula masheya akanatsala mumdima, akumuloza chala. Kuchotsa a Nyirenda okha n'kusiya ine, dziko likanati wakondera. Koma kuchotsa ine? Mkamwini kutulutsa apongozi ake pakhomo, anthu onse akuona, iye akugona pa dothi langa? Ngakhale kundiuza chabe kuti bambo chepetsani, pakamwa pake sipakanatseguka. Mwana uja anawonda moti lamba ankamuzungulira kawiri, ndipo akamayenda pa mzere mphepo inkamukankhira mu mzere wina.

M'mawa wina ndikunola chikwanje ndinangoona ankhoswe a ukwati wa Esinati akulowa pabwalo, wakuchimuna ndi wakuchikazi, onse atavala majekete dzuwa likuswa mtengo. A Naphiri atangowaona anaponya lichero n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Ukwati wa mwana wanga watha! Esinati, wachita chiyani iwe?"

Esinati anatuluka m'khitchini manja ali ufa, akuti, "Ine? Sindikudziwapo kanthu, amayi."

Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Gelesomu anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, foni ili m'manja, maso ali pansi. Nkhoswe yakuchimuna, amalume ake, inatsokomola kaye n'kuyamba.

"Zikomo a Mwale. Mwana wathu akuti pakhomo pano akukhala bwino. Akudya, akusamba madzi otentha, ndipo mkazi wake alibe naye chifukwa."

"Nanga majeketewa?" anafunsa a Naphiri akupukuta misozi.

"Nkhani ili pa gulu, mayi. Akuti apongozi ake... mawu awo ndi okoma, ndi anzeru, koma akuchuluka pang'ono."

Ine ndinati, "Ha! Ndiye mwaponda mtunda wonsewu, mwatuluka thukuta m'majekete, chifukwa cha foni? Ukwati uli bwinobwino?"

"Uli bwino, koma mwana sakugona."

"Chabwino," ndinatero. "Ine pa gulu sindituluka ndekha, chifukwa mwini khoma sathawa nyumba yake. Akamwini ndi omwe ali ndi chitseko. Andichotse ndi chala chawo, ndione."

 Nkhunda zomwe zinali pa denga la chigafa zinaleka kulira, ndipo ndikulumbira kuti mthunzi wa mango unasuntha kubwera pafupi kuti umve. Gelesomu anakweza foni, n'kuitsitsa, n'kuikwezanso. Kenaka anati ndi mawu aang'ono, "Bambo, chala changa sichingathe. Bola gulu life."

Apo Esinati anapukuta manja pa chitenje, n'kuyenda mpaka pankhokwe paja.

"Bweretsani kuno foniyo, bambo a Chikondi. Kwa inu awa ndi apongozi, koma kwa ine ndi bambo anga, ndipo phokoso lawo ndinayamba kulimva ndili kumsana. Podina ndi pati?"

"Esinati, usa..." anayamba Gelesomu.

"Ndi apa? Basi. A Nyirenda ali pati? Nawonso basi."

Atatichotsa tonse awiri pa gulu, anabweza foni n'kutembenukira kwa ine. "Ababa, madzi osamba ndatereka. Mukasamba mukauze nkhuku nkhani za chipani chanu."

Ankhoswe anayang'anizana, wakuchikazi n'kunena kuti, "Ife taona ndi maso. Mkamwini sanakhudze apongozi ake. Wachita ndi mwana wa m'nyumba, ndipo mwana ndi bambo ake sitiwalowerera." Anavula majekete, a Naphiri anapha tambala, ndipo ine ndinaseka mpaka agalu a ku Lifupa anauwa. Mundiuze, m'Kasungu monse muno, ndani wina anachotsedwapo pa gulu ndi ankhoswe awiri ndi magazi ake omwe? Ena amangowadina ngati nsikidzi. Ine panafunika mwambo.

Gulu linachira, a Nachisale anakhala, amene anatuluka anabwerera, ndipo Gelesomu thupi linabwerera mwakale. Mitengo ya masheya ankandiuza kudzera kwa mkazi wake, iye ataima kuseri kwa mpanda.

Loweruka lina matola anaima pamsewu, n'kutsika kamdala kakang'ono kovala chipewa chachikulu, kakufunsa kwa a Mwale. Anali a Nyirenda. Akuti chiwachotsereni pa gulu chakudya sichinkawakomera, chifukwa analibe womutsutsa. Tinakhala muno m'chigafa momwe mwakhalamu, pansi pa fodya wolendewera, kuwala kukulowa m'mipata ngati ulusi wagolide, ndipo tinakangana za makuponi kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatalika. Koma apa akati "utesi uwo" ndinkaona mano awo akuseka, ndipo ine ndikawanyoza dzanja langa linali likuwapatsira chikho cha thobwa. Pa foni zimenezo sizioneka. Pamafika mbola yokha, uchi umatsala kunyumba.

Ndiye inu a mafoni osafuna chulu, sindikuti ndale musakambe, chifukwa zili m'thumba lililonse la feteleza lomwe mudzasenze. Zikakhudza msika zineneni mwachidule, mutchule msikawo. Koma zikafika pofuna kutukwana munthu, kwerani matola mukamutukwanire kwawo, akuphereni nkhuku. Ndipo inu anyamata, mukadzakwatira n'kutsegula gulu lanu, apongozi musawalowetsemo. Mukawalowetsa, yambani mwaphunzitsa mkazi wanu podina.