Zitini Zanga Zitakanidwa

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Chifundo, wa ku Scarborough konkuno, kudziko la eni kuno. Chifundocho ndi dzina chabe, mtima wanga ndi wapachala. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye musayembekezere mawu okometsera.

Ntchito yanga yonyamula katundu ku Mississauga inatha nditakangana ndi kapitawo. Ndinatsala ndekha m'kachipinda kapansi. Ndekhandekha, abale! Foni osalira. Chisanu chonse chinatha popanda wonditchula dzina. Ndinkayankhula ndi khoma.

Tsiku lina m'basi ndinamva kuti boma la kuno lili ndi lamulo: ukabweza botolo amakupatsa kangachepe, kuti misewu isadzaze zinyalala. Ndinati, aa, izi ndiye zakwathu! Si paja kumudzi botolo la zoziziritsa kukhosi timabweza pagolosale? Ndinayamba kutola. Zitini za soda, mabotolo a madzi, a juwisi. Za mowa ndinkazidumpha, ati ndine mwana wopemphera.

Thumba litadzaza, ndinalisenza kukabweza kusitolo yolandira mabotolo. Mnyamata wa pakauntala anasuzumiramo, n'kupukusa mutu. Akuti lamulolo ndi la za mowa zokha, zinazo n'zoponya m'bini ya buluu ya zinyalala, kwaulere.

Abale, magazi anawira. Ndinakhuthulira thumba lonse pansi. Ndinatukwana m'Chichewa, mawu oti sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu ino. Mlonda anatulutsa foni. Apolisi akanabwera, mapepala anga okhalira m'dziko muno akanathera pomwepo.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a mzimayi: "Iwe! Pakamwa ngati padzala, mayi ako anakulera choncho? Tola zimenezo!"

Chichewa, abale! Chichewa chenicheni! Anali Mayi Nachisale akhala apowa, atanyamula mabotolo a nkhalamba imene amaisamalira. Ndinagwada n'kuyamba kutola, misozi ili chuchuchu.

"Ukulira chiyani? Ndakumenya?"

"Ayi mayi, pitirizani kundikalipira."

Mlonda uja ataona, anabweza foni m'thumba.

Ndi mayiwa amene anandibweretsa kutchalitchi kuno. Lero ndimagwira ntchito kumalo kosankhira zinyalala zoti akapangire zatsopano, ndipo zitini zomwezija zimandidutsa m'manja tsiku lonse. Sindinama, mtima wapachala sunatheretu. Ndikaweruka, kachipinda kaja kamakhalabe zii. Koma Lamulungu lililonse pali munthu wondifunsa ngati ndadya, ndipo ndikachedwa amandikalipira m'chinenero cha amayi anga.

Nthawi zina ndimachedwa dala.

Ambuye alandire ulemu. Ameni.