Penti Wagwira Ndani?

Mwaimva ija ikunong'onedwa kuchitsime ndi kuchigayo? Akuti pikapu ya a Yotamu inalodzedwa, ati ikumafundula ngati njoka: akaipopera penti wakuda kumbuyo kuja, kukacha wasendeka yense, chitsulo chili mbee! Ndipotu Loweruka likubwerali mwana wawo Christobel akukwatiwa, ndipo a Yotamu analumbira pagulu kuti mkwati akwera pikapu imeneyo, osati ngolo ya ng'ombe imene akuchimuna a ku Naisi analonjeza uku akutsinana. Koma zenizeni zake n'zimene zinachitika atatuma a Kizito, mlongo wawo wa mayi a Christobel, amenenso ndi nkhoswe, kuti apite ku Zomba akafunse kwa makaniko chimene penti akukanira, pobwera adzere kwa atelala.

A Yotamu pochokera ku komiti ya ukwati anawapeza a Kizito ataima pambali pa pikapu, ali mu suti yabuluu yonyezimira.

"Alamu, mwatchenatu! Ukwatiwu ndi wanu?"

"Ayi, ndi wa Christobel," anatero a Kizito.

"Ndikudziwa, wobala ndine. Mwabwera ndi zotani?"

"Ndiyambe za kwa atelala kapena..."

"Za atelala pambuyo! Penti!"

"Makaniko ati chitsulo chanuchi chili maliseche."

A Yotamu anacheuka kuona ngati pali ana. "Tsitsani mawu, inu! Maliseche bwanji?"

"Ati munachipala mpaka kuchivula. Ndiye penti wopopera sagwira pa chitsulo chamaliseche. Ati muyambe mwachiveka chamkati. Chofiira."

"Oho, andakoti, penti woyambira uja! Ndimaidziwa ine imeneyo. Tulutsani."

A Kizito anapisa m'chikwama, n'kutambasula pitikoti yofiira psuu, ya leyisi m'munsi.

"Ichi n'chiyani?"

"Chamkati. Chofiira. Ndazungulira msika wonse, yoposa iyi kulibe. Mayi wogulitsayo anafunsa kuti wovalayo ndi wonenepa bwanji."

"Inu n'kuyankha?"

"Ndinati amabereka kwaya yonse kumsana."

"Mayo ine! Bisani msanga! Achemwali anu akaiona ndinena kuti n'ya ndani?"

"Munene zoona. N'ya galimoto."

A Yotamu anailanda n'kuikankhira pansi pa mpando wa dalaivala. "China ati chiyani?"

"Ati muchikweche ndi sandipepa, chikhakhale ngati lilime la mphaka, penti apeze pogwira."

"Chikhakhale? Ine Yotamu, amene ndayendetsa mabwana mpaka imvi izi, galimoto yanga ikhakhale? Tabwerani muone!"

Anasisita chitsulo chija mwachikondi. Inu, chinkawala ngati kalilole! Paja nthawi zonse asanapopere ankachipaka polishi wopaka pansi m'nyumba uja, n'kuchipukuta ndi bulangete lakale mpaka ntchentche kumaterereka.

"Penti ali ngati mlendo, alamu," anatero a Yotamu. "Amafuna pogona posalala."

"Nanga mlendoyo bwanji akumachoka m'mamawa osatsazika?"

"Ndi anthu a ku Naisi amenewo! Akufuna mwana wanga akafike pa tchalitchi akununkha ndowe. Musandiphunzitse ntchito."

"Chabwino. Chachitatu musavutike nacho, ndachita kale."

A Yotamu anasiya kusisita chitsulo. "Mwachita chiyani?"

"Ati musanapopere muchotse mafuta onse. Pasatsale ngakhale kadontho."

"Mafuta ake ati?"

"Sanasankhe. Anati onse. Ndiye muli ku komiti kuja ine ndavula jekete, ndalowa kunsi, ndatsegula."

"Petulo wanga?"

"Ndi oyilo yemwe. Wa mabuleki ndiye anachita makani, koma Mulungu ndi wabwino, watuluka."

"Ali kuti?"

"Pachulu paja. Chiswe mumadandaula chija, iii, chasamuka ndi ana omwe."

A Yotamu anavula chipewa, anachiluma, n'kuchivalanso. Petulo ameneyotu anachita kumuimira pamzere dzuwa likuswa mtengo!

"Makaniko amanena mafuta a pachitsulopa, alamu! Girizi, thukuta la m'manja, poli..." Anadukiza.

"Poli chiyani?"

"Palibe."

"Polishi? Ndiye tichotse polishiyu?"

"Polishi si mafuta. Polishi ndi ulemu. Kwerani, muzindilozera pamene patsala."

"Ndi suti yomweyi?"

"Suti, suti! Ndinu woyamba kuvala suti m'Domasi muno? Kwerani!"

A Kizito anakwera kumbuyo kwa pikapu n'kuima pakati. A Yotamu anabereka mpope wawo wopoperera matimati uja, atadzazamo penti, n'kuyamba: psiii uku, psiii uko, akuzungulira pikapu ngati akuvina manganje.

"Patsala pati?"

"Pamene ndaima."

"Tangazani miyendo."

Psiii! Ponse pathima bii. A Yotamu anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, akumwetulira ngati ajambulidwa. Pomwepo mayi a Christobel anakuwa ali kukhonde: akuchimuna atumiza munthu, akufunsa ngati ng'ombe azisambitsiretu.

"Ndikubwera ndidzamuyankhe ndekha ameneyo!" A Yotamu analoza mlamu wawo ndi chala. "Inu khalani pomwepo. Musasunthe mpaka agwire."

Anakamuyankhadi munthu uja, mokweza, mudzi wonse unamva kuti ng'ombezo akazisambitse akadye okha. Pobwerera akupukusa mapewa, anangoti kakasi. A Kizito anali atakhala pansi pakati pa penti, miyendo atatambasula, manja pamaondo ngati ali pa ulaliki.

"Mukutani pamenepo?"

"Ndakhala."

"Ndinati khalani, sindinati khalani!"

A Kizito anaganiza kaye. "Ndiye ine ndachita iti pa ziwirizo?"

"Dzukani!"

"Munati mpaka agwire."

"Chabwino, wagwira?"

"Wagwira ndani?"

"Chitsulo, inu!"

"Za chitsulo sindingachiyankhire, alamu. Ine ndikudziwa za kumene ndikumva."

"Ndati dzukani!"

A Kizito anagwira m'mbali n'kudzikoka. Kunamveka nyaaa, kenako kwapu! Penti yense anamatuka pachitsulo chinsalu chimodzi, n'kumalendewera kumbuyo kwawo ngati mchira wa diresi la mkwati. Chitsulo pansi chili mbee, polishi akuwala, osadetsedwa ngakhale pang'ono.

A Yotamu anayesa kukalipa, koma kunatuluka chiphwete. Anaseka mpaka kukhala m'fumbi, mpope uli kumsana. Anaiwala petulo, anaiwala ng'ombe.

"Nkhoswe yamchira! Hede! Tayendani ndikuoneni! Ayi, tembenukani kaye! Suti yatsopanotsopano yathera pompa! Ndiye Loweruka muvala chiyani? Pitikoti ija?"

"Ine Loweruka ndivala jekete langa lakale lija," anatero a Kizito, akukoka mchira wawo kuti usakhudze dothi.

"Nanga iyi munasoketsera chiyani?"

"Tsopano ndinene za kwa atelala?"

Kuseka kuja kunaduka ngati wayilesi yatha mabatire.

"Munati ndikakutengereni suti yanu ya ukwati, koma isapindidwe ngakhale pang'ono. M'chikwama ikanapindika. Pamkono ikanapindika. M'basi monse ndabwera choimirira, anthu kundipatsa malo ine kukana."

A Yotamu anayang'ana kolala. Anayang'ana mabatani. Suti ija inali yawo.

A Kizito anatembenuka mwaulemu, kuwaonetsa kumbuyo konse.

"Koma musadandaule, alamu, ufiti palibe. Mumafuna penti woti akagwira asachoke. Uyu ndiye sachoka."

Ng'ombe za ku Naisi akuti azisambitsa kale, ina aimangirira ndi kansalu pakhosi. Ndiye inu amene mumanong'ona kuchitsime kuja, tandiuzani: wolodzedwa ndani pamenepa, galimoto kapena eni ake?