Njere za Mpunga pa Kiyibodi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Domasi ndi inu amene mukuwerenga muli kutali. Ndine Nampota, wa kwa Malemia. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo maumboni a masiku ano amanditopetsa: uyu wagula galimoto, uyo wapeza banja. Wanga ndi wa maso. Maso anga anafooka, ndipo anthu ena anafuna kundichotsa pa ntchito yowerenga Mawu mu mpingo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ya kale, osati ya lero imene mwana amamaliza osatha kulemba dzina la mudzi wake. Ntchito yanga inali ya matabwa, ndipo mpunga ndimalima ku dambo mpaka pano. Koma chimene anthu amandidziwa nacho ndi kuwerenga. Kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda ndakhala ndikuimirira kutsogolo Lamulungu, kuwerenga Malemba ulaliki usanayambe. Zokuzira mawu za m'tchalitchi mwathu zimagwira ntchito zikafuna, koma palibe nkhalamba ya pabenchi lomaliza imene inadandaulapo kuti sinandimve.

Vutoli linabwera mozemba. Zilembo zinayamba kuoneka ngati nyerere zobalalika. Ndinasintha mandala, sizinathandize. Kuchipatala anandiyeza bwinobwino, nandiuza mosabisa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, koma m'kati mwa diso ndimo mwatopa. Zazikulu ndidzaziona, zazing'ono ayi. Amenewo ndinawathokoza chifukwa sanandinamize. Amene anandinyansa ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, amene anabwera ndi botolo la madzi a mneneri wa m'tauni kuti ndizisukusula. Madziwo ndinathirira tomato. Tomatoyo sanasinthe.

Lamulungu lina ndinawerenga mzere umodzi kawiri, kenako ndinadumpha ndime yonse. Atsikana a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, akuseka. Ankaganiza kuti sindikumva, koma makutu anga sanafooke.

Pa msonkhano wa akulu a mpingo anaimirira a Matiki, eni chigayo cha pamsika, munthu amene amaona ngati phokoso la chigayo chake ndi nzeru. Anati, "A Nampota atigwirira ntchito nthawi yaitali. Tiwalemekeze, apumule." Ulemu wa mtundu umenewo ndimaudziwa. Ndi umene amapatsa ng'ombe yokalamba uku akunola mpeni. Abusa, munthu wofatsa, anagamula kuti ndiwerenge pa Sabata la masika monga ndimachitira chaka chilichonse, ndipo ndikaphunthwanso ndidzakhale pansi ndekha osachita kuuzidwa. Ndinavomera.

Potuluka wina anandinong'oneza kuti ndingoloweza ndimezo, ndizingoyang'ana m'buku, adziwa ndani? Ameneyo ndinamuyang'ana mpaka anakumbukira kuti wasiya njinga yosakhoma. Ine ndine wowerenga, osati wonamizira kuwerenga. Paguwa si pochitira sewero.

M'nyumba mwanga munali kale kompyuta. Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre anaibweretsa, yakale, ya padesiki, imene ku ntchito kwawo anasiya kuigwiritsa. Anati muli Malemba onse m'Chichewa ndipo zilembo zake zimakula. Anandionetsa mothamanga, mtima uli ku minibasi. "Ababa, mungogwira mausi, mudine apa, kenako apa, basi." Apa pati? Mausiyo ndi kanthu kogwira m'manja kamene kamayendetsa kamuvi pa sikirini, ndipo kamuviko n'kochepa ngati udzudzu. Munthu wosaona zilembo umamutuma kukasaka udzudzu? Ndinayesa. Ndinkakankha kanthuko mpaka kugwa patebulo, kamuvi osakapeza. Amene anapanga zinthu zimenezi ali ndi maso a unyamata ndipo amaganiza kuti sadzakalamba. Ndinatenga chitenje cha malemu mkazi wanga n'kuiphimba.

Mpunga unacha ku dambo, anthu anayamba kumweta, ndipo masika anayandikira. Ine ndinkakhala pakhonde, buku lili pamwendo, lotseka. Chakudya chinaleka kukoma. Sindinauze munthu, chifukwa anthu a kuno ukawauza vuto m'mawa, masana ulipeza kuchigayo. Ndinangouza Mwini wake. Ndinati, "Ambuye, simunandipatse chuma, sindinadandaule. Munatenga mkazi wanga, ndinakhala chete. Ichi chokha musandilande pamaso pa Matiki." Pemphero limenelo si lokongola, koma ndi limene ndinapemphera.

Yankho linabwera pa kabaza, litanyamula jumbo ya usipa. Anali mlamu wanga Esinati, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga, amene amakhala ku Malosa. Mayi ameneyu ali ngati wailesi yothyoka pozimitsira. Anagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ku Zomba mpaka anapuma, ntchito imene ine ndinkaiona ngati kuseweretsa zala.

"Alamu," anatero asanakhale n'komwe pansi, "ndamva kuti mwayamba kuwerenga ngati mbuzi yodumpha mizere ya chimanga."

"Ngati mwabwerera zimenezo, wakabazayo sanapite patali. Muitaneni."

"Iii, ukali ulipobe, ndiye kuti simufa msanga. Nanga pansi pa chitenje cha achemwali anga mwagonekapo ndani? Tiyambe kulira?"

Anavundukula yekha, nayatsa. Ndinamuuza za kamuvi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anazula mausiyo ndi chingwe chake chomwe n'kuiponya m'dengu.

"Kameneka n'ka alesi. Ife tinkatayipa maso ali pa pepala, zala zikudziyendera zokha. Inu popala thabwa, kusalala kwake munkakuona ndi maso?"

Thabwa losalala umalimva ndi chikhatho. Zimenezo mmisiri aliyense amadziwa.

Anandigwira chala n'kuchiika pa kiyibodi, pamene pali mabatani a zilembo. Pa batani la F ndi la J pali timizere totukuka, toti chala chizipeza malo ake popanda diso. Kenako anapempha mpunga wosapuntha, wa mankhusu ake, ndi guluu. Anamata njere imodzi pa batani la pakona yakumanzere, pansi penipeni. "Ameneyu dzina lake Kontolo. Ndi kapitawo. Payekha sagwira ntchito, ngati inu amuna, koma mukamupanikiza anzakewa amamvera." Anamatanso njere pa mabatani ena ochepa, nandiyendetsa chala pa lililonse, uku akunditchulira mayina.

Anatsegula Malemba. Anati ndipanikize Kontolo ndi chala chakumanzere, osachotsa, ndipo ndi chakumanja ndidine batani la pulasi. Ndinadina. Nyerere zija zinanenepa. Ndinadinanso, kenako ndinadinanso. Ndinaona chilembo. Ndinaona liwu lathunthu, lakuda bii, litaima ngati nsanamira. Ndinawerenga mzere wonse mokweza osaphunthwa. Nditatero ndinamuuza Esinati kuti ndikukaona nkhuku, ndipo ndinakhalitsa kuseri kwa nyumba. Nditabwerako sanandifunse za nkhukuzo. Pa chimenecho chokha ndimamupatsa ulemu.

Anakhala kwathu mpaka masika, akugona kwa mdzukulu wake wa pafupi, akubwera m'mawa uliwonse kudzandinyoza. Zala zanga ndi zolimba, zozolowera hamala, ndipo ankati ndimadina ngati ndikukhoma msomali. Koma zinalowa. Kontolo ndi F ndiye wofufuza: umalemba liwu limene ukufuna, kompyuta n'kukufikitsa pomwepo, osavutika kutembenuza masamba. Ukafuna kutenga ndime, umayamba waidetsa ndi mabatani a mivi chala china chili pa batani la pamwamba pa Kontolo, kenako Kontolo ndi C amanyamula, Kontolo ndi V amatula pa tsamba lako. Kontolo ndi S ndi kukhoma nkhokwe, kuti magetsi akazima ntchito isapite. Ameneyo Esinati anandiuza kuti ndizimudina pafupipafupi, chifukwa magetsi a kuno satsazika. Palinso batani lokhala ndi kachithunzi ka zenera. Ukalipanikiza pamodzi ndi pulasi, chilichonse cha pa sikirini chimakula, osati zilembo zokha. Zonsezi mwana wanga wophunzira uja sanandiuze. Ankadziwa kudina apa ndi apa basi.

Kompyuta sungapite nayo paguwa. Choncho tinagwirizana kuti ndime za masika ndizikopere pa tsamba langa, ndikulitse zilembo, ndipo zikasindikizidwe pa mapepala ku kashopu ka pamsika, kamene Loweruka kamatseka masana. Abusa anatumiza ndimezo sabata ikutha. Loweruka m'mawa ndinazimaliza. Ndinadina Kontolo ndi A, amene amadetsa tsamba lonse, kuti ndikulitse zilembo zonse pamodzi. Apo m'pamene chala changa chinamva fumbi pa kiyibodi. Mmisiri sagwira ntchito ndi chida chakuda. Ndinatenga kansalu n'kupukuta mwamphamvu, monga ndinkapukutira mpeni wopalira matabwa.

Nditakweza maso, tsamba linali loyera. Panangotsala tizilembo topanda tanthauzo pamwamba. Wakabaza woti atenge fulashi, kachipangizo konyamulira zolembazo, anali ataima kale pabwalo, dzuwa likukwera. M'maganizo ndinaona nkhope ya Matiki.

"Alamu!" ndinakuwa. "Zapita zonse!"

Esinati anali pakhonde akupeta mpunga. Sanadzuke n'komwe. "Musakhudze china! Kontolo ndi Z! Dinani mpaka zibwere. Ndipo nsanzayo mukapukutire mphuno zanu."

Z ali pafupi ndi Kontolo. Ndinadina, tizilembo tija tinayamba kuchoka. Ndinadinabe, ndipo mwadzidzidzi ndime zonse zinabwerera monga zinalili, osasowa liwu ndi limodzi. Batani limenelo limabweza chimene walakwitsa ngati sichinachitike. Ndakhala pa misonkhano ya akulu a mpingo zaka zambiri, ndipo chifundo chotere sindinachionepo pakati pa anthu. Ndimachidziwa kwa Mmodzi yekha.

Lamulungu la masika kutsogolo kunadzaza matumba a mpunga ndi chimanga, mikoko ya nthochi, nzimbe, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ndinalowa ndi mapepala anga, zilembo zake zazikulu ngati za pa thumba la feteleza. A Matiki anasuzumira n'kunena kuti, "Kodi a Nampota, mwabwera ndi zikwangwani?" Nthawi itakwana ndinaimirira, ndipo ndinawerenga kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Pepala likatha ndinkaliika pansi pa anzake, osafulumira. Tambala wina analira pakati pa ndime, ine osaima. Kwaya inali zii.

Titaweruka abusa sananene zambiri. Anangondigwira dzanja nati ndime za sabata yamawa atumiza msanga. A Matiki anabweranso, akumwetulira ngati palibe chimene ananena. "Tikuthokoza Mulungu, a Nampota."

"Muthokozeni mokweza," ndinatero. "Paja inu ndi amene munafuna kumuthandiza kundipumitsa."

Abale, sindikunamizani. Maso anga sanachire, ndipo nkhope zanu ndimazizindikira mukafika pafupi. Mulungu sanandibwezere maso. Anandikumbutsa kuti ndili ndi zala. Ndimamuthokoza pa chimenecho m'mawa uliwonse. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatume munthu waulemu m'malo mwa Esinati, koma funso limenelo sanandiyankhe, ndiye ndikuthokozanso Esinati. Awerenge pano, chifukwa pakamwa sindidzamuuza.

Inu akuluakulu anzanga amene mwaphimba makompyuta ndi zitenje, vundukulani. Musalole mwana akuphunzitseni ataimirira, chikwama chili paphewa. Musalole munthu akupumitseni Mwini ntchito asananene. Pempherani ngakhale pemphero lanu likhale laukali, Iye amamva, ndipo amene wabwera pakhomo musamubweze chifukwa cha pakamwa pake.

Umboni uwu ndalemba ndekha, palibe anandigwira dzanja. Njere ya pa Kontolo inatha ndi chala, ndamatapo ina ya mpunga wa chaka chino. Lamulungu likubwerali ndikuwerenga. A Matiki akhale pabenchi lakutsogolo, kuti amve bwino. Ambuye alemekezeke.