Phazi langa linkaola, anthu akundipatsa ulemu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Sinda. Ndine mlimi wa thonje, wamasiye, ndipo nkhani yangayi ndi yonyansa, koma ndiinenabe chifukwa phazi langa linatsala pang'ono kudulidwa.

Dzanja langa litayamba kunjenjemera, adokotala ku Katete anati ndi matenda a Parkinson, nandipatsa mapiritsi. Za dzanzi la kumapazi sindinawauze, ndinkayesa kutopa kwa kumunda. Dzanzilo litakula, mlamu wanga anati zotere zimafuna mphini. Ananditema kuphazi ndi lezala, natikita mankhwala akuda, namanga kansalu, n'kulamula kuti ndisamasule kapena kunyowetsa mpaka dzanzi lithe. Ululu sindinamve ngakhale pang'ono. Ndinavala jombo zanga n'kubwerera kumunda.

Pasanapite nthawi anthu anayamba kunditalikira. Kutchalitchi benchi yanga inkatsala ndi ine ndekha. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, ankagwada patali, kuika chakudya pakhomo, chitenje chili pamphuno. Ine ndinkati akuopa kuti ndiwapatsira kunjenjemeraku, ndipo ndinanyansidwa nawo onse. Ndinapemphera mokwiya kuti Mulungu anditumizire munthu mmodzi yekha wosandithawa.

Tsiku lina ndinapita ku Katete kukagula mankhwala opopera thonje pa sitolo ya a Saidi, Msilamu wobadwira ku Malawi. Ndinawapeza pakhonde ndi ketulo ya madzi, akufuna kusamba mapazi kuti akapemphere. Anandiyang'ana kumaso, kenako kujombo.

"Bambo, mundikhululukire, koma phazi lanu laola. Vulani jomboyo."

Ndinakwiya, koma ndinavula. Atamasula kansalu kaja, mafinya anachucha, ndipo pakati pa zala mphutsi zinali yakaliyakali. Ndinasanza pomwepo. Thupi langa lomwe, nyama yake ikudyedwa ine ndikuyenda nalo osadziwa! A Saidi sanathawe. Anatsuka balalo ndi madzi awo opempherera aja, natseka sitolo, n'kundiperekeza kuchipatala.

Adokotala anandiuza kuti anthu ena amene angopezeka ndi matendawa amakhala kuti mitsempha ya kumapazi yawonongeka kale, n'chifukwa chake sindinkamva bala. Anati matenda omwewa amaphanso mphuno, ndiye fungo limene linkathawitsa mudzi wonse ine sindinkalimva. Ndikanachedwa pang'ono, phazi lonse likanapita. Anadula zala ziwiri, phazi linatsala.

Mphutsi ndinaziiwala, koma chimene chimandinyansabe ndi china. Nditafunsa mpongozi wanga chifukwa chimene sananenere, anawerama n'kuti, "Tikanayamba bwanji, atate, kuuza munthu wamkulu kuti akununkha?" Ndiye kuti mpingo wonse unkamva fungo la munthu akuola, n'kumangosuntha mwaulemu. Ulemu wotero ine sindiufunanso.

Komabe ndikuthokoza Mulungu, amene anayankha pemphero la munthu wokwiya kudzera mwa munthu amene sindipemphera naye. Dzanja likunjenjemerabe, koma kumunda ndimapita ndi mapazi anga awiri. Inu amene mukudwala ngati ine, musataye mtima. Auzeni adokotala za dzanzi, lezala isayandikire, ndipo muziyang'ana mapazi anu tsiku lililonse. Inu athanzi, mkulu akanunkha muuzeni. Adzakwiya ngati mmene ndinakwiyira ine, koma adzakwiya ataimirira.