Zithunzi za Emmie Zapita ndi Sisitimu

Pa siteji ya Kamwendo, bambo wina atakumbatira kompyuta ankadandaulira mayi amene ankadikira naye minibasi.

"Mlamu wanga wandipha, mayi! Kunyumba ndili ndi makompyuta awiri olumikizana ndi waya. Iye waika mu iyi sisitimu yatsopano yoyendetsera kompyuta, ya pa sidi yogula ku Chipata."

"Ndiye yapsa?"

"Ayi, koma iyi inasiya kuona diraivi yosungira zinthu ya inzake. M'malo mondifunsa, wafufuta zonse ati akukonza! Zithunzi za ukwati zimene wojambula anandisungitsa zapita."

"Kalanga ine! Ukwati wa ndani?"

"Wa mtsikana wina wa ku Guilleme, Emmie."

"Emmie ndi mwana wanga! Minibasiyo ipite, bambo. Nyamulani chikompyuta chanucho, mukandionetse mlamu wanuyo."